Kamwala kozizira kotulutsa mafunde a terahertz

Pakati pa mafunde a microwave ndi kuwala kwa infrared pali dera lomwe ife a physics timalitcha terahertz, mafunde ogwedezeka ka 1,000,000,000,000 pa sekondi imodzi. Mafundewa amadutsa pepala, nsalu ndi pulasitiki, komanso alibe mphamvu yothyola ma atomu a m'thupi ngati X-ray, ndiye mutha kuona chifukwa chake anthu amawafuna poyeza katundu ali m'kati mwa paketi. Chovuta n'kuwapanga. Ma transistor amafooka akamayandikira liwiro limenelo, ma laser nawonso akatsikira kumeneko amavuta.

Nkhani ya kamwala ka BSCCO, komwe kamatha kutulutsa mafundewa, inayamba mu 1962 pomwe Brian Josephson, ali wophunzira pa yunivesite ya Cambridge, anawerengera kuti mukatenga ma superconductor awiri (zinthu zomwe zikazizira kwambiri magetsi amadutsamo popanda chowatsekereza) n'kuika kakhoma kopyapyala pakati, kenako n'kupereka voltage, magetsiwo amayamba kugwedezeka okha. Millivolt imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a volt) imapereka 483.6 GHz (ma GHz 1,000 ndiwo terahertz imodzi), ndiye ma millivolt awiri basi mwatsala pang'ono kufika terahertz. Kachipangizo kameneka timati junction. Koma imodzi yokha mphamvu yake ndi yochepetsetsa, ndipo yopangidwa ndi chitsulo cha niobium imayamba kutaya mphamvu ikapyola cha m'ma 700 GHz.

Apa ndi pomwe BSCCO imandisangalatsa ine. Ndi mwala wa bismuth, strontium, calcium, kopa ndi oxygen womwe Hiroshi Maeda ndi anzake anaupeza ku Tsukuba, Japan, mu 1988, umakhala superconductor pa 90 K (ma kelvin 90, omwe ndi -183 °C) kapena pafupi pamenepo, kutanthauza kuti nitrogen yamadzi ya pa 77 K imaukwanira. Mu 1992 Reinhold Kleiner, Paul Müller ndi anzawo ku Germany anaonetsa kuti mwalawu unasanjika kale wokha ngati mapepala a buku, pepala la superconductor, kakhoma, pepala lina, junction iliyonse yokhuthala 1.5 nanomita, moti kachidutswa kokhuthala micrometer imodzi (ma nanomita 1,000, kapena gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) kali ndi ma junction oposa 600, palibe munthu anawamanga!

Koma kuchuluka pakokha sikuthandiza. Zili ngati kwaya, aliyense akamayimba nthawi yakeyake mumangomva phokoso. Akagwirizana, mphamvu ya mafunde imakula ngati nambala yawo kuichulukitsa ndi iyo yomwe, ma junction akawirikiza kawiri mphamvu imawirikiza kanayi. Mu 2007 Lütfi Özyüzer ndi anzake ku Argonne National Laboratory ku America, pamodzi ndi gulu la Kazuo Kadowaki wa ku Tsukuba, anasema kachitunda kamakona anayi pamwamba pa mwalawo, mafunde n'kumagunda m'mbali n'kubwerera ngati mpweya mu botolo mukamaliuzira, ndipo kulira kumeneko n'komwe kunakakamiza ma junction onse kuyendera limodzi. Anafika 0.85 terahertz, mphamvu pafupifupi theka la microwatt (microwatt ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a watt). Pofika 2013 a ku Argonne omwewo analumikiza tizitunda titatu n'kupeza ma microwatt 610.

Chomwe chikusautsabe ndi kutentha. BSCCO sitaya kutentha msanga, ndiye magetsi akachuluka mbali ina ya kachitundako imatentha mpaka kusiya kukhala superconductor pomwe mbali ina ikugwirabe ntchito. N'chifukwa chake masiku ano ambiri amachotsa kachidutswako pa mwala wake n'kukapanikiza pakati pa golide ndi zinthu zoyamwa kutentha bwino ngati sapphire.