Malikisi a pa fomu akatsika, kodi munthu wachiradi?

Munthu akabwera kudzalandira uphungu, nthawi zambiri ndimayamba ndi kumupatsa fomu ya mafunso yoti ayankhe yekha za mmene akumvera mumtima. Imodzi mwa mafomu odziwika kwambiri ndi PHQ-9, yoyezera matenda ovutika maganizo. Ili ndi mafunso 9 okhudza masabata awiri apitawa, monga za tulo, kudya, kutopa ndi kutaya mtima. Yankho lililonse limapatsidwa malikisi 0 mpaka 3, ndipo onse pamodzi sapitirira 27; akachuluka ndiye kuti vuto ndi lalikulu.

Fomu yotere ili ngati sikelo, ndipo sikelo imayamba yayesedwa isanakhulupiridwe. Choyamba timaona ngati mafunso ake akuloza chinthu chimodzi. Njira yowerengera zimenezi anaifalitsa Lee Cronbach mu 1951, ndipo ambiri amafuna kuti nambala yake, imene sipitirira 1, ifike 0.7. Koma mafunso akhoza kugwirizana bwinobwino uku akuyeza chinthu cholakwika. N'chifukwa chake ofufuza amayerekezera malikisi ndi zimene katswiri wapeza atacheza ndi munthuyo payekha, asanaone fomu. Kurt Kroenke ndi anzake atachita zimenezi mu 2001, anapeza kuti malikisi 10 kapena kuposa ankazindikira anthu 88 mwa 100 amene analidi ndi matenda ovutika maganizo.

Zimenezi n'zabwino pofufuza amene akudwala. Koma mu uphungu funso lathu ndi lina: kodi munthuyu akusintha? Apa m'pamene ndimada nkhawa. Wina akachoka pa 16 kufika pa 14, aphungu ena amasangalala msanga, chonsecho mwina munthuyo wangogona bwino usiku wapitawo. Neil Jacobson ndi Paula Truax mu 1991 anapereka njira yosiyanitsira kusintha kwenikweni ndi kugwedera chabe kwa sikelo. Pa PHQ-9, ambiri amadikira kuti malikisi atsike ndi 5.

Palinso chinthu chimene chimasokoneza ngakhale akatswiri. Pali anthu amene sadziwa kutchula zimene akumva. Pa tsiku loyamba amachonga 0 paliponse, osati chifukwa chonama, koma chifukwa mawu alibe. Pakatha masabata angapo amayamba kuzindikira kuti kulemera kwa pachifuwa kuja n'chisoni, ndipo malikisi amakwera. Woyang'ana nambala yokha anganene kuti zinthu zaipa, pamene munthuyo wangoyamba kudzimva. Ena amatsitsa dala malikisi kuti mphungu wawo asakhumudwe, ndipo zimenezi ndimazimvetsa, chifukwa amatero mwa ulemu.

Fomu ikamasuliridwa m'chinenero china, iyenera kuyesedwanso kuyambira pachiyambi, chifukwa anthu satchula kupweteka kwa mumtima mofanana. Ku Zimbabwe, Vikram Patel ndi anzake anakonza fomu ya mafunso 14 pogwiritsa ntchito mawu a anthu eniake, monga "kufungisisa", kutanthauza kuganiza kwambiri.

Ine munthu akamaliza kuchonga, sindithamangira kuwonkhetsa. Ndimaloza yankho limodzi n'kufunsa kuti, "Apa mwachonga 2. Tandiuzeni, linali tsiku liti, ndipo chinachitika n'chiyani?"