Payipi ya power steering simangidwa ndi mphira

Madalaivala ambiri a Hiace zakale kuno ku Mzuzu amakhulupirira kuti payipi ya power steering (yodutsa mafuta ofewetsa chiwongolero) ikayamba kudontha, kungoimanga ndi mphira basi yachira. Si zoona.

Mapayipiwa alipo awiri. Yobweza mafuta m'kathanki ilibe mphamvu yambiri, koma yochokera pa pampu imakankhidwa kwambiri, nthawi zina kupitirira 1,000 psi (muyezo wa mphamvu yokankhira mafuta) mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto. Mphira sungapirire zimenezo. Mafuta akatha, pampu imayamba kulira kenako n'kuwonongeka, chiwongolero chimauma gwa. Pa makona otsikira ku Nkhata Bay, mutanyamula anthu, zimenezi zimandiopsa kwambiri.

Sinthani payipi yonse. Thirani mafuta oyenera, osati a mabuleki, kenako kwezani matayala akutsogolo ndi jeke, muzipotoza chiwongolero uku ndi uku mpaka mpweya wolowa m'mapayipi utatuluka.