Situdiyo ya timeshare ku Disney World: mugona bwanji, mudya chiyani?

Ntchito yanga ndi yokonzera anthu maulendo, ndipo mabanja ofuna kupita ku Walt Disney World, mapaki a zisangalalo omwe ali kufupi ndi Orlando ku Florida, nthawi zambiri amafika atamva kale kuti kuli zipinda za timeshare (zomwe anthu amagula ufulu wogonamo masiku angapo chaka chilichonse) zotchipa kusiyana ndi hotela. Mbiriyo si yabodza. Koma ambiri amaganiza kuti akupita m'kanyumba kokhala ndi khitchini, pomwe situdiyo ndi chipinda chimodzi basi.

Timeshare ya kampaniyi imatchedwa Disney Vacation Club. Idayamba mu 1991, patatha zaka 20 Disney World itatsegulidwa, ndipo malo ake oyamba ndi amene lero akutchedwa Old Key West. Membala sagula sabata yomweyomweyo ya chaka chilichonse ayi. Amagula mapointi, amene amalandira chaka ndi chaka, ndipo usiku uliwonse uli ndi mtengo wake. Sabata ya Khirisimasi imadya mapointi ambiri kuposa ya mu September, Lachisanu ndi Loweruka amadya ambiri kuposa Lachiwiri, ndipo khonde loyang'ana kunyanja limaposa loyang'ana poimika magalimoto. Situdiyo ndiyo imadya ochepa, n'chifukwa chake imatha msanga.

Tilowe m'chipindamo. M'masitudiyo ambiri muli bedi limodzi lalikulu ndi lina la anthu awiri lomwe masana limakhala sofa, usiku n'kulitambasula kapena kulitsitsa kukhoma. Ena, monga a kumalo ogona a Polynesian ndi Riviera, ali ndi kabedi kachitatu ka mwana kobisika pansi pa TV, motero amalola anthu asanu. Ena amalola anayi okha, kuwonjezerapo khanda losakwana zaka zitatu logona m'kabedi kake. Lamulo limeneli sakambirana. Mukatsitsa mabedi onse, malo oyendamo amatsala kanjira kopapatiza, masutikesi ali kukhoma, nsapato za ana zili mbwee. Mwana wamng'ono akagona 8 koloko, nyumba yonse yagona, chifukwa chitseko chotseka palibe. Bambo ndi mayi amatsala akunong'onezana pakhonde. Ngati muli ndi mnyamata ndi mtsikana oti asinkhuka, kapena mwatenga apongozi, musadzivute, situdiyo imodzi siyokwana. Ku Old Key West kuli mabedi enieni awiri akuluakulu, ndipo masitudiyo akale a ku Polynesian ali ndi posambira pawiri, zomwe zimathandiza m'mawa aliyense akamathamangira basi.

Za khitchini ndiye pamene anthu amakhumudwa. Muli kafiriji, mayikulowevu, sinki, makina owotchera buledi ndi ophikira khofi, mbale zake n'zapepala. Mbaula mulibe. Amene akuganiza zonyamula ufa kuti azikaphika nsima madzulo asiye maganizowo, pokhapokha atenge chipinda chokulirapo chokhala ndi balaza, chimene chili ndi khitchini yonse ndi makina ochapira. Komabe kakhitchiniko musakapeputse. Mukagula buledi, mkaka, zipatso ndi yogati tsiku lofika, chakudya cham'mawa mwathana nacho, ndipo Disney imalola kulowa m'mapaki ndi kamba wanu. Kwa banja la anthu anayi kapena asanu, ndalama yopulumuka pamenepa si yochepa. Zochapa mumapita nazo kuchipinda chochapira cha onse, chomwe n'chaulere kwa ogona pa mapointi. Oyeretsa nawonso sakuyalirani bedi tsiku ndi tsiku. Amachotsa zinyalala, koma matawulo atsopano amabwera tsiku lachinayi.

Nanga munthu akulipira chiyani? Akulipira kufupi. Kuchokera kumalo ogona a Bay Lake Tower mumayenda wapansi kukalowa m'paki ya Magic Kingdom. Ogona ku Beach Club ndi ku BoardWalk amayenda wapansi kupita kupaki ya EPCOT. Riviera ili pa Skyliner, timabokosi toyenda pachingwe m'mwamba tomwe tidayamba mu 2019. M'miyezi ya June mpaka August, dzuwa la ku Florida limaswa mtengo ndipo masana ambiri kumagwa mvula yamabingu, ndiye kutha kubwerera kuchipinda kuti ana akagone pang'ono n'kumene kumapulumutsa tsiku. Ogona m'malo a Disney amalowanso m'mapaki mphindi 30 anthu ena asanalowe. Ku Kidani Village, mbali ya Animal Kingdom Lodge, anthu amawonjezera mapointi kuti aziona mbidzi ndi akadyansonga ali pakhonde, koma kumeneko ulendo uliwonse ndi wa basi. Wakuti adafikako ku South Luangwa ndimamuuza kuti mapointiwo asunge.

Kuti mugone m'situdiyo simufunika kukhala membala. Mamembala amene sakugwiritsa ntchito mapointi awo amawabwereketsa, mwachindunji kapena kudzera m'makampani apakati, ndipo mtengo wake kawirikawiri umatsika kwambiri poyerekeza ndi kulipira Disney chipinda chomwecho. Ngozi yake ili apa: chipinda chimalembedwa m'dzina lanu, koma wochigwira ndi membalayo. Mukafuna kusintha tsiku, Disney siyankhula nanu, imayankhula ndi iye. Ndalama zake nthawi zambiri sizibwezedwa. Choncho amene mukufunika visa ya ku America, musalipire visa isanatuluke, ndipo gulani inshuwalansi ya ulendo, makamaka pakati pa June ndi November, nyengo ya anamondwe. Vuto n'lakuti zipinda zimatha kale kwambiri. Membala amasungitsa chipinda pamalo amene adagula kutatsala miyezi 11, pamalo ena kutatsala miyezi 7, ndipo masitudiyo otchuka amatha m'masiku oyambirira. Wochedwa amapeza otsala, nthawi zambiri ku Saratoga Springs, komwe n'kwakukulu. Matikiti a m'mapaki ndi apadera, ndipo mwana akakwana zaka 10 amalipira ngati wamkulu. Basi yaulere yochokera kubwalo la ndege idatha kumayambiriro kwa 2022.

Muli komweko, mudzaona timatebulo ta ogulitsa umembala, ndipo mabanja ambiri amakopeka ana akusangalala. Ine sindilimbikitsa aliyense kusaina ali patchuthi. Chimene mukugula chili ndi tsiku lothera: makontalakiti a ku Beach Club ndi BoardWalk adzatha mu 2042, a ku Saratoga Springs mu 2054, a ku Riviera mu 2070, kenako zonse zimabwerera kwa Disney. Kupatula mtengo wogulira, chaka chilichonse mumalipira ndalama yosamalira malowo pa pointi iliyonse, mupite kapena musapite, ndipo imakwera pafupifupi chaka ndi chaka, m'madola. Mapointi mutha kuwasungira chaka chamawa kapena kubwereka a chaka chamawa, motero wopita kamodzi pa zaka ziwiri angakwanitse. Wopita kamodzi pa zaka zisanu angobwereka mapointi kwa membala. Makontalakiti ogula kwa membala wina amatchipa, koma kuyambira mu 2019 ali ndi malire: wogula wa ku Riviera mwanjira imeneyi amagona ku Riviera kokha. Ngati mwasaina kale ndipo mtima wayamba kukayika, lamulo la ku Florida limakupatsani masiku 10 oti mulembe kalata yothetsa mgwirizanowo n'kubwezeredwa ndalama zanu.