Dokotala wa pathology sangopima mitembo ayi

Ndatopa nawo mawu amene akhala akumveka kwa zaka zambiri, oti dokotala wa pathology ya ana (woyeza tizidutswa ta m'thupi kuti adziwe matenda) ntchito yake n'kung'amba mitembo basi. Kupima mitembo kulipodi, koma ntchito yambiri ndi ya ana amoyo. Mwana akapezeka ndi chotupa, amadulako kachidutswa, n'kukaika m'phula kuti kalimbe, n'kukacheka mopyapyala kuposa tsitsi, kenako amakapaka utoto n'kukaunika pa maikulosikopu. Apa m'pofunika diso lozolowera, chifukwa maselo a Burkitt lymphoma ndi a neuroblastoma, mitundu iwiri ya khansa ya ana, amafanana kwambiri, timaselo tozungulira tabuluu, pomwe mankhwala ake ndi osiyana.

Ngati mwana wanu wayezedwa chotupa ndipo mukukayika, pemphani dokotala akufotokozereni lipoti la zoyezazo. Komanso pa nkhani za matenda ngati awa, mukamva zoti "ofufuza apeza", funsani dzina la wolemba, chaka, ndi magazini ya zachipatala imene inasindikiza. Zimene simunatsimikize musazitumize kwa anzanu.