Tsiku limene anthu a ku Cateme anaimitsa sitima ya malasha

Amene anakwerapo basi ya ku Joni amaudziwa msewu wochoka ku Mwanza, kudumpha malire pa Zobue, n'kutsetsereka mpaka pa mlatho wa Zambezi ku Tete. Musanafike pa mlathowo mumadutsa tauni ya Moatize, yotentha ngati ng'anjo ya njerwa. Pansi pa nthaka ya kumeneko pali malasha ochuluka zedi, ndipo ambiri mwa iwo ndi a mtundu umene mafakitale opanga zitsulo amaulimbirana.

Malashawo sanadziwike dzulo. Apwitikizi ankakumba kale, ndipo dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975 boma linapitiriza kudzera mu kampani yake ya Carbomoc. Nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo inawononga njanji ya Sena yopita ku Beira, ntchito ya mgodi n'kulowa pansi. Imeneyi ndi nkhondo yomwe inathamangitsira anthu pafupifupi miliyoni imodzi ku Malawi. Mtendere unabwera mu 1992, ndipo mu 2004 kampani ya ku Brazil, imene lero timaidziwa ndi dzina loti Vale, inapatsidwa chilolezo cha malasha a ku Moatize.

Zaka zotsatirazo chuma cha Mozambique chinkakwera ndi pafupifupi 7 peresenti chaka ndi chaka, ndipo mabungwe obwereketsa ndalama ankalitchula dzikolo ngati chitsanzo. Mzinda wa Tete unadzaza ndi alendo, mahotela, magalimoto a makampani, lendi ya nyumba n'kukwera mosaneneka. Mu 2011 kampani ya Rio Tinto inagula Riversdale, mwini mgodi wina wa malasha wa Benga, ndi madola a ku America oposa 3.5 biliyoni. Bungwe la Human Rights Watch linapeza kuti pofika 2012 malo okwana pafupifupi mahekitala 3.4 miliyoni, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo atatu a chigawo chonse cha Tete, anali ataperekedwa kale kwa ofufuza ndi okumba miyala ya pansi.

Koma pamwamba pa malashawo panali midzi: Chipanga, Bagamoyo, Mithete, Malabwe. Pakati pa 2009 ndi 2010, mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa kuti mgodi wa Vale utsegulidwe. Ambiri mwa iwo anawagawa pawiri. Amene anaoneka ngati a moyo wa m'tauni, mabanja pafupifupi 290, anaikidwa mu Moatize momwemo, m'dera lotchedwa 25 de Setembro. Amene analembedwa kuti ndi alimi, mabanja oposa 700, anapititsidwa ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera m'tauni.

Kugawa kumeneku n'kumene kunalakwika poyamba. Munthu wa kumudzi wa m'mbali mwa tauni sakhala mlimi basi. Amalima chimanga ndi mapira kumtunda, ali ndi dimba kumtsinje, amaumba njerwa chilimwe, amaotcha makala, amaswa miyala, mayi amatenga masamba ndi nkhuni kukagulitsa pamsika madzulo n'kubwerera wapansi. Zonsezi zimatheka chifukwa mtsinje wa Revuboè uli pafupi, msika uli pafupi, dothi la njerwa lili pafupi. Wolemba kaundula wa chipukuta misozi amaona nyumba ya udzu ndi munda, n'kulemba zimenezo. Mtunda wa kumsika saulemba.

Ku Cateme anthu anapeza nyumba za simenti zofolera ndi malata, zondandalikana m'mizere, komanso sukulu ndi chipatala. Pa chithunzi zinkaoneka bwino kwambiri kuposa zomwe anasiya. Sipanapite nthawi makoma anayamba kung'aluka, madenga kudontha, anthu n'kuzindikira kuti nyumbazo zinalibe maziko olimba. Banja lililonse linalonjezedwa mahekitala awiri a munda koma linalandira imodzi, kawirikawiri yamiyala, ina ili kutali, ina ili ndi eni ake kale. Madzi anali a pamjigo, ndipo mjigo ukafa palibe mtsinje wothawirako. Anthu amene ankadzidyetsa okha anayamba kudikira chakudya cholandira. Amene anasamutsidwira ku Mwaladzi kuchokera kumbali ya mgodi wa Benga anakumana ndi zomwezo, vuto la madzi kumeneko n'kuchita kunyanya.

Sanayambe ndi kutseka njanji. Anadandaula kwa akuluakulu a boma la Moatize ndi kwa kampani, analemba kalata, anadikira. Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma uku akudekha, malasha anali atayamba kale kutuluka: mgodi unatsegulidwa mu 2011, ndipo chaka chomwecho zombo zinayamba kunyamula malasha a Moatize pa doko la Beira. Sitima zinkadutsa pafupi ndi Cateme zitadzaza.

Pa 10 Januwale 2012 anthu pafupifupi 500 anapita panjanjipo n'kuitseka. Sitima inaima. Apolisi a gulu lothana ndi zipolowe, lodziwika ndi zilembo zoti FIR, anafika n'kubalalitsa anthu mwankhanza, ena anamenyedwa, 14 anamangidwa. Boma la Pulezidenti Armando Guebuza linali litaona kale mkwiyo wotere: pa 5 Febuluwale 2008 anthu a ku Maputo anatseka misewu chifukwa cha kukwera kwa mtengo wa ma chapa, aja ife timati ma minibasi, ndipo pa 1 ndi 2 Seputembala 2010 anachitanso chifukwa cha buledi, madzi ndi magetsi, anthu oposa 10 n'kuphedwa. Za ku Cateme zinasiyana pang'ono. Uku kunalibe khamu la mumzinda, anali alimi ochepa a kutchire, koma anagwira pamene pankadutsa ndalama.

Ndipo zomwe makalata analephera miyezi yambiri, tsiku limodzi la njanji yotsekedwa linazitha. Vale inavomera kuti panali zolakwika, inayamba kukonza nyumba, kuwonjezera madzi, kukonza msewu ndi kuika basi yopita ku Moatize. Mu Ogasiti 2012 boma linatulutsa lamulo loyendetsera kusamutsa anthu chifukwa cha ntchito za chuma, lotchedwa Decreto 31/2012. Tangoganizani, mabanja onsewa anasamutsidwa lamulo lotere lisanakhalepo. Ambiri mwa amene sanalandire hekitala yachiwiri pamapeto pake anapatsidwa ndalama m'malo mwa munda, ndipo mlimi aliyense akudziwa kuti ndalama imatha, munda umasiyira ana.

Phunziro la njanji anthu ena analigwira msanga. Mu Epulo 2013 oumba njerwa, amene ng'anjo zawo ndi dothi lawo zinalowa m'malo a mgodi, anatseka njira zolowera kumgodiko. Ankati mametikali 60,000 amene anapatsidwa sangalowe m'malo mwa ntchito imene ikanawadyetsa moyo wonse. Mkangano wawo unatenga zaka.

Chuma chomwe anasamutsidwira chija nachonso sichinakhalitse. Mtengo wa malasha unagwa, ndipo njanji ya Sena inalephera kunyamula zomwe makampani ankawerengera. Mu 2014 Rio Tinto inagulitsa mgodi wa Benga kwa kampani ya ku India ya ICVL pa madola 50 miliyoni okha. Vale inamanga mbali zatsopano ndi kukonzanso mbali zakale za njanji ina ya makilomita oposa 900 yopita ku Nacala, imene imadutsa ku Malawi, kulowera ku Chikwawa, Mwanza, Neno, mpaka pa Nkaya ku Balaka, n'kukatulukira pa Nayuchi. Kenako mu 2022 nayo inachoka, itagulitsa mgodi ndi njanji yomwe kwa Vulcan, ya gulu la Jindal, pa madola 270 miliyoni. Sitima zazitali zija anthu a ku Liwonde amaziona zikuwoloka Shire zimachokera pansi pomwe panali Chipanga ndi Malabwe.