Tchalitchi cha Muskego chimene chinasandukapo khola

Ukafika pa Luther Seminary, sukulu ya ubusa ku St. Paul, Minnesota, ku America, pali katchalitchi ka mitengo kamene ambiri amangoganiza kuti kanamangidwira pompo. Ayi ndithu, kwawo ndi ku Wisconsin, kufupi ndi Wind Lake m'boma la Racine, dera lomwe anthu ochoka ku Norway anayamba kukhalako mu 1839 nkumalitchula kuti Muskego. Malowo anali a madambo, malungo osasewera, kenako kolera inadzapululanso anthu kuyambira 1849.

Poyamba ankapempherera m'nyumba yosungiramo udzu ndi ziweto ya mnzawo wina, Even Heg, ndipo ndi iyeyo anapereka malo omangapo tchalitchi pa kaphiri kotchedwa Indian Hill. Mbusa wawo woyamba Claus Clausen sanali ngakhale wa ku Norway, anali wa ku Denmark. Ntchito inayamba mu 1843 koma kutsegulira kunachitika pa 13 Malichi 1845, nchifukwa chake nkhani yoti ndi tchalitchi choyamba cha ma Norwegian ku America imavutako pang'ono, anzawo a ku Koshkonong, dera lina la ku Wisconsin, anayamba kumanga chawo mochedwa koma anatsegulira msanga.

Kwa ife osamala nyumba zakale chokoma ndi kamangidwe. Anatenga mitengo ya oak, kuisema ndi nkhwangwa mpaka iphwatalale, nkuisanja wina pamwamba pa unzake ndipo m'makona anajoba mano oti mitengo ilumane yokha, ndiye khoma limagwira chifukwa cha kulemera kwake komwe, simenti palibe. Luso limeneli anabwera nalo kuchokera kwawo. Mkati gome lolalikirapo lili pamwamba penipeni pa guwa, mbusa akakwera amayang'anizana ndi okhala pakhonde la m'mwamba.

Tsono mu 1869 mpingo utakula anafuna tchalitchi chachikulu pamalo omwewo, chakalechi anachiphwasula nkuchigulitsa kwa mlimi wina yemwe anakachiimika pafamu pake nkuchisandutsa khola. Ambiri akamva apa amagwira pakamwa, ine ndimati mlimiyo ndi amene anachipulumutsa. Mitengo yongounjika panja imawola kapena kuthera pamoto, koma khola mwini wake amaliika denga, likadontha amakonza. Chikanakhala cha njerwa bwenzi titaiwala kalekale, cha mitengo yolumana umachotsa umodziumodzi kuyambira pamwamba nkukasanjanso kwina, ingosamala osasokoneza ndondomeko basi.

Ndi momwenso chinayendera mu 1904, a mpingo wa United Norwegian Lutheran Church atachigula nkupita nacho ku St. Paul. Kumeneko anachikuta ndi matabwa kunja kuti mvula isamadye mitengo, matabwawo anadzawachotsa patapita zaka zambiri, ndipo mu 1975 chinalowa mu kaundula wa boma wa malo a mbiri yakale.

Chomwe sindigwirizana nacho kwenikweni ndi kusamutsako. Masiku ano timayesetsa kusiya nyumba pomwe inabadwira, chifukwa manda a anthu omwe anasema mitengo ija komanso omwe anafa ndi kolera anatsala ku Indian Hill, ndipo mlendo wa ku St. Paul sangawaone.