Bulugama si bulugama chabe, abale anga

Ndatopa nawo mawu akuti "mtengo ndi mtengo, bola wamera." Ndimawamva ku Mbare, ndimawamva pamaliro ku Mufakose, makamaka kwa ife a kwathu ku Malawi amene tapeza kamalo kunja kwa Harare ndipo tikufuna kudzala zoti tidzadyerepo tikakalamba.

Zikanakhala choncho, bwenzi malo oyeserapo mitengo kulibe. Forestry Commission, bungwe la boma loona za nkhalango kuno ku Zimbabwe, idayamba ntchito mu 1954, ndipo mu 1958 idayamba kusankha mitengo yowongoka yoti ikhale makolo a mbewu. Malo ake a kafukufuku adawamwaza dala: John Meikle kufupi ndi Penhalonga, Muguzo ku Chimanimani komwe mvula imagwa yambiri, Chesa kufupi ndi Bulawayo komwe n'kouma, likulu lili ku Highlands konkuno ku Harare. Kwathu ntchito yomweyi ili m'manja mwa FRIM, bungwe lofufuza za nkhalango, ku Zomba. Ofufuzawa amatenga njere za mtundu umodzi kuchokera madera osiyana, kudzala m'timinda toyandikana, mtengo uliwonse ndi nambala yake, ndiye kuyeza kutalika ndi kunenepa kwake zaka ndi zaka. Yankho limatenga zaka zambiri kuti liwoneke.

Yankholo ndi limene ife tikulikana. Paini wa Pinus patula kwawo ndi kumapiri a Mexico. Ku Nyanga kapena ku Chikangawa amasangalala, koma pamchenga wa ku Seke mukungomuzunza. Bulugama wa grandis amafuna chinyezi. Kouma amene amapirira ndi bulugama wa camaldulensis. Wogulitsa m'mbali mwa msewu sakuuzani zimenezi, mwina iyenso sadziwa njere zake adazitola pansi pa mtengo uti.

Bambo wina wa kwawo ku Dedza sindimuiwala. Adagwira ulonda moyo wake wonse, ndalama yopumira nayo pantchito n'kugulira mbande kwa munthu amene adamulonjeza mapolo pakatha zaka ziwiri. Adadzala kumapeto kwa February, mvula ikutsazika. Adandiimbira mu August: "Achimwene, tabwerani mudzaone ana angawa." Nditazula mbande imodzi ndidapeza mizu yapotana ngati nkhata, chifukwa mbandezo zidakhalitsa m'machubu. Zina chiswe chidali chitadya khungwa pansi, ukangogwira tsinde limatsalira m'manja. Bamboyo adangovula chipewa n'kukhala pachulu. Akanandifunsa mu October, sindikanamulipiritsa ngakhale senti.

Ndiye chonde, musanatulutse ndalama funsani kuti njerezo zidachokera kuti, ndipo zidayesedwa dera lotani. Wogulitsa akayamba kuzungulira, chokanipo. Vulani chubu chimodzi pomwepo muone mizu. Amene akuti ali ndi mankhwala okulitsa mtengo msanga ndi wakuba. Paini wa matabwa amadikiridwa zaka zoposa 20. Maenje kumbani mvula isanagwe, mbande zilowe pansi mu December nthaka itanyowa bwino. Ikakupitirirani January, sungani ndalama yanu mpaka dzinja linalo.